"Ndalama Ija": Kuunika Chinenero cha Chionetsero cha The Glass Room Poganizira Amalaŵi a ku Pinetown

Pepala lino likuunika chionetsero chotchuka chophunzitsa anthu kudzisamala pa foni ndi pa intaneti, chotchedwa The Glass Room, ndipo likuchiunika monga momwe tiunikira buku. Pajatu chionetsero nacho chili ndi mlembi wake, mawu ake, ndiponso woŵerenga amene mlembiyo adamuika m'maganizo pamene ankalemba. Funso langa ndi ili: chionetserochi titakachiimika ku Pinetown, kumadzulo kwa mzinda wa Durban, n'kuitana Amalaŵi ogwira ntchito m'mafakitale a ku Westmead ndi New Germany, m'makomo mwa eni ndi m'mashopu osokera zovala, kodi chingawauze chiyani, nanga chingawauze m'mawu otani?

Ife ofufuza zinenero za Chibantu dzina la Pinetown tidayamba kulidziŵa pa chikuto cha dikishonale ya Chizulu ya A.T. Bryant, imene idasindikizidwa m'chaka cha 1905 pa mishoni ya Mariannhill, ija adakhazikitsa Franz Pfanner mu 1882. Komatu lero m'misewu ya kumeneko simumveka Chizulu ndi Chingerezi zokha. Ulendo wa ku Joni sudathe pamene boma la Malaŵi lidaletsa Wenela kulemba anthu mu 1974, ndege itagwa ku Francistown, ngakhalenso pamene Theba idaleka kulemba Amalaŵi mu 1988. Anthu adangosintha njira. Masiku ano amapita okha pa basi kudzera ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ena ochokera ku Mangochi ndi Machinga, ena ku Mzimba ndi Nkhata Bay, ndipo Myao ndi Mtumbuka akakumana kuchilendoko chinenero chowalumikiza ndi Chicheŵa. Kale mtchona ankatumiza kalata ndi ndalama za papositi. Lero thukuta la mwezi wathunthu limayenda pa foni, kudzera ku Mukuru ndi makampani ena otere, n'kukathera pa Airtel Money kapena pa Mpamba wa kumudzi. Foni ya munthu wotere ndiyo banki yake, positi yake ndi bwalo limene amakambirapo za maliro ndi za sukulu fizi. Ikabedwa kapena ikaloŵedwa ndi akathyali, banja lonse limagona ndi njala.

Kuti ngoziyi ndi yeniyeni anthu a ku Durban safuna kuuzidwa. Pa 22 Julayi 2021 mbava za pa intaneti zidatseka makompyuta a Transnet, ndipo doko la Durban, limene katundu wina wopita ku Malaŵi amatsikirapo, lidabwerera ku ntchito ya pepala ndi cholembera kwa masiku angapo. Mu Febuluwale 2024 pulezidenti wa Malaŵi wa nthaŵi imeneyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti aloŵeredwa ndi anthu ofuna dipo. Amene adasauka nazo kwambiri ndi anthu a paulendo omwe tikunenaŵa.

Chionetsero ndi woŵerenga wake

The Glass Room ndi ntchito ya bungwe la Tactical Tech la ku Berlin, limene lidakhazikitsidwa mu 2003. Chidaphukira m'chionetsero china chotchedwa Nervous Systems ku Berlin komweko mu 2016, kenaka mothandizana ndi Mozilla chidakaima pachokha ku New York chaka chomwecho, ku London mu 2017 ndi ku San Francisco mu 2019. Adakonzanso chionetsero chaching'ono cha zikwangwani ndi timakina tochepa, choti anthu azichisindikiza okha n'kuchiimika m'masukulu ndi m'malaibulale, ndipo chamasuliridwa m'zinenero zambiri. Ichi chaching'onochi ndicho chingathe kufika m'holo ya tchalitchi kapena pabwalo la mzikiti ku Pinetown.

Nzeru ya eni ake idali yoti chipinda chioneke ngati sitolo yamakono yogulitsa mafoni: makoma oyera, magome oyera, anyamata ndi atsikana ovala zoyera olandira alendo. Munthu ataloŵa ndi pamene amazindikira kuti mulibe chogulitsa, ndipo kuti malonda amene akukambidwa ndi iye mwini, ndiye kuti mbiri yake imene makampani monga Google ndi Facebook amatola. Kumapeto ankapatsidwa kabuku kotchedwa Data Detox Kit, komutsogolera kwa masiku asanu ndi atatu kukonza foni yake. Maganizo oti woonerera azigwira ndi kuyesa yekha m'malo mongoyang'ana za m'galasi si achilendo. Adatchuka ndi Frank Oppenheimer pamene adatsegula Exploratorium ku San Francisco mu 1969. Chimene a Tactical Tech adawonjezapo ndi nthabwala yoluma.

Mwa zonse zimene zidaonetsedwa, ine ndimatama ntchito ya Aram Bartholl. Iyeyu adatenga mawu otsegulira okwana 4.7 miliyoni amene adabedwa ku LinkedIn mu 2012, n'kuwasindikiza motsata alifabeti m'mabuku asanu ndi atatu. Mlendo amatsegula buku, n'kufufuza ngati mawu ake alimo. Palibe chikwangwani chimene chingaphunzitse monga mmene amaphunzirira munthu amene chala chake chaima pa dzina la mwana wake, limene iye ankayesa kuti palibe wina angaliganize. Apa chionetsero chachita zimene buku silingathe, ndipo chachita popanda mawu ambiri.

Tsono vuto likuyambira pa nthabwala ija. Kuti munthu aseke, ayenera kukhala woti adaloŵapo m'sitolo yotero ngati wogula. Kwa mnyamata amene foni yake adagula yogwirapo kale pamsika, chipinda choyera chokhala ndi alonda pakhomo ndi malo amene amapita kukakolopa. Ndiponso mdani amene chionetserochi chimaloza ndi kampani yaikulu ya kutsidya kwa nyanja. Sindikukana kuti makampaniwo amatola mbiri ya Mmalaŵi monga momwe atolera ya Mzungu. Koma amene amamudyera ndalama mwezi uno ndi munthu woyankhula chinenero chake, womutchula kuti "achimwene". Apolisi ndi bungwe la MACRA akhala akunena kuti mauthenga ambiri obera anthu pa foni amachokera m'ndende ya Zomba, ngakhale kuti kalembera wa masimukhadi adachitika mu 2018. Chida cha mkaidi wotere si ukatswiri wa kompyuta ayi. Chida chake ndi Chicheŵa chabwino, ndiye chifukwa chake nkhaniyi ikutikhudza ife a zinenero.

Mawu atatu osocheretsa

Womasulira chionetserochi amapunthwa asanafike ndi pakhomo pomwe. Liwu loti data, limene lili m'dzina la kabuku kaja, m'kamwa mwa Mmalaŵi ndi mwa Mzulu yemwe limatanthauza bandulo imene munthu amagula kuti aloŵe pa WhatsApp. Chikwangwani chonena kuti "Tetezani data yanu" chidzamveka ngati malangizo osungira bandulo kuti isathe msanga, ndipo woŵerenga adzavomera ndi mtima wonse, atamva zina. Kuli bwino kutchula zinthuzo maina: nambala yanu ya foni, chithunzi cha chiphaso chanu, maina a abale anu, kumene mumagona.

Liwu lachiŵiri ndi chitetezo. Pa galamala palibe cholakwika: ndi dzina la m'gulu la Chi-Zi lochokera ku mneni kuteteza. Koma mawu amakhala ndi fungo la kumene akhala akuyenda. Ku Malaŵi "achitetezo" ndi apolisi, asilikali ndi alonda. Munthu amene chiphaso chake chidatha masiku, akaona nsalu yolembedwa kuti "Chionetsero cha Chitetezo", adzaoloka msewu n'kudzera tsidya linalo. Aneni monga kusamala, kuchenjera ndi kudzitchinjiriza alibe yunifomu. Ndinenepo pang'ono kuti ngakhale liwu loti chionetsero lifunika kulisunga mu umodzi wake, pakuti kuchuluka kwake, zionetsero, kuyambira pa 20 Julayi 2011 ndi m'chaka cha 2019 kumakumbutsa anthu za utsi wokhetsa misozi.

Liwu lachitatu ndilo lovuta koposa. Chingerezi chimasiyanitsa kanthu kobisika, ufulu wa munthu woti ena asamusuzumire, ndi mawu otsegulira akaunti. Ife zonse zitatuzi tidazisenzetsa liwu limodzi, chinsinsi. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malaŵi timalifotokoza ndi liwu lomweli, lamulo la 2016 lokhudza zochitika pa makina amakono ndi la 2024 loteteza mbiri ya munthu timawafotokozanso ndi liwu lomweli, ndipo ejenti wa Mpamba akamapatsira gogo foni amati, "Ikani nambala yachinsinsi." Anzathu a Chizulu nawo ali ndi imfihlo, lochokera ku mneni ukufihla, kubisa. Koma tiyeni tione mmene chinsinsi chimayendera m'chiganizo. Timati "amusungira chinsinsi", "ndikuuze chinsinsi", "waulula chinsinsi cha m'banja", "chinsinsi cha kudambwe". M'zitsanzo zonsezi chinsinsi chili ndi eni ake oposa mmodzi. Ndi mpanda wozinga gulu, wolekanitsa ometa ndi osameta, a m'nyumba ndi a kubwalo. Amene adafikapo ku nyumba yosungira za chikhalidwe ya Chamare pa mishoni ya Mua, pamene Bambo Claude Boucher adayambitsa Kungoni mu 1976, adziŵa kuti nkhani ya zoyenera kuonetsa ndi zosayenera kuonetsa mwini wake ndi mudzi. Chinsinsi cha munthu mmodzi yekha, chimene ngakhale mkazi wake sachidziŵa, m'makutu mwa Mcheŵa chimamveka ngati chibwenzi chamseri kapena mankhwala oipa.

N'chifukwa chake lamulo loti "musauze munthu aliyense nambala yanu yachinsinsi" limasweka tsiku ndi tsiku popanda wolisweyo kudzimva kuti walakwa. Iye sadauze munthu aliyense. Adauza mlongo wake. Kalata ya mtchona kale ankailemba mnzake wodziŵa kulemba, n'kukaiŵerenga mokweza mwana wa sukulu pakhonde. Lero foni imodzi amagwiritsa ntchito anthu atatu a m'chipinda chimodzi, ndipo popeza lamulo la RICA la ku South Africa limafuna chiphaso ndi umboni wa kumene munthu akukhala, simukhadi ya mlendo kaŵirikaŵiri imakhala m'dzina la wina. The Glass Room chimayankhula ndi munthu mmodzi, mwini foni imodzi, mwini dzina limodzi. Munthu ameneyu ku Pinetown ndi wosoŵa.

Ine ndikadakonda liwu loti kiyi. Aliyense amadziŵa kuti kiyi wa nyumba umatha kusiyira mnansi, koma supatsa munthu wongomumva mawu kuseri kwa chitseko, ndipo akasoŵa umasintha loko. Fanizo limeneli limalola kubwereketsa, kumene anthu sadzaleka, koma limaphunzitsa kusankha wobwereka ndi kusintha nambala pambuyo pake. Limathandizanso pa nambala ya malembo asanu ndi limodzi imene WhatsApp imatumiza, imene akathyali amapempha ponamizira kuti yasokera kwa inu: ameneyo ndi kiyi wa chitseko chanu, wofika m'manja mwanu, ndipo wopemphayo waima panja.

Galamala ya wakuba

Tifike tsono pamene pagona nkhani. Pafupifupi aliyense wokhala ndi foni ku Malaŵi adalandirapo uthenga wa mtundu uwu:

(1) Ndalama ija mutumize pa nambala iyi, yanga ija yatsekeka.

Chiganizochi ndi chachifupi, koma wochilemba amadziŵa galamala ya chinenero chathu kuposa ambiri a ife amene timaiphunzitsa. Tiyambe ndi mawu oloza. Chicheŵa chili ndi magulu anayi:

(2) nyumba iyi, nyumba iyo, nyumba ino, nyumba ija

Iyi ndi iyo amaloza za pafupi ndi za patali, ino amaloza chimene woyankhula ali m'kati mwake, koma ija saloza malo konse. Amaloza m'chikumbumtima. Ponena kuti "nyumba ija" ndikutanthauza kuti inu ndi ine tidakambapo kale za nyumbayo, ndipo sindifunikanso kuifotokoza. Chizulu chili ndi le, leyo ndi leya, amene amayezedwa makamaka ndi kutalika kwa malo. Chingerezi chili ndi aŵiri okha, kotero kuti womasulira uthenga (1) m'Chingerezi amataya msampha weniweniwo. Tsinde la -ja limanena kuti pali mgwirizano wakale popanda kuutchula. Wakuba amatumiza uthengawu kwa anthu mazana. Ambiri amaufufuta. Koma pakati pawo pali mmodzi amene m'maŵa womwewo walonjeza eni nyumba lendi, kapena walonjeza mlamu wake ndalama ya feteleza, ndipo ameneyu amadzaza yekha dzenje limene -ja wakumba. Wakubayo sadaname kuti ndine uje. Adangosiya malo oti mwini ndalama alembepo dzina.

Onaninso kuti uthengawu ulibe moni. Pa chikhalidwe chathu kuyamba nkhani popanda moni ndi mwano, kupatula pamene anthu akupitiriza zimene amakambirana kale. Kusoŵa kwa moni kukugwira ntchito imodzimodzi ndi -ja. Mneni nayenso sali m'kanenedwe kolamula, "tumizani", koma m'kanenedwe kofatsa, "mutumize", kamene timagwiritsa ntchito pokumbutsana zimene tagwirizana. Chatsopano m'chiganizo chonsechi ndi chimodzi chokha, nambala, ndipo ndicho chokha chimene chapatsidwa mlozi wa pafupi, iyi. Chakale chabodza chaikidwa kutsogolo ndi kumbuyo kuti chinyamule chatsopano.

Mneni wotsiriza ndi wofunikanso kumuyang'anitsitsa. Stanley Dubinsky ndi Silvester Ron Simango adaonetsa mu 1996 kuti msintho wochitidwa ndi msintho wochitika m'Chicheŵa amasiyana pa nkhani ya wochita, ndipo Sam Mchombo adaifotokozanso nkhaniyi m'buku lake la 2004 la kasanjidwe ka mawu m'Chicheŵa:

(3) a. Nambala yatsekedwa ndi a kampani.
b. *Nambala yatsekeka ndi a kampani.

Mphatikiri -edw- amasiya khomo loti womvera afunse kuti "ndi yani?", pamene -ek- amatseka khomolo: chinthu changochitika chokha, monga mbale imasweka. Wakuba akasankha "yatsekeka" wachotseratu funso. Ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti woberedwa nayenso amathaŵira ku aneni opanda wochita. Sanena kuti "andipusitsa". Amati "ndalama zasoŵa mu foni". Manyazi amabisala m'galamala, ndipo nkhani yosakambidwa sichenjeza mnansi.

Pali mtundu wina wa chinyengo umene umakhudza a ku Joni mwachindunji. Amalaŵi ambiri amatumiza katundu kwawo kudzera mwa matransipota. Tsono mayi wa ku Mangochi amalandira foni yotere:

(4) Mayi, ndine transipota uja. Katundu wa mwana wanu tafika naye pa Mwanza, koma a pa boda akufuna ndalama kuti tidutse.

Uja wabweranso, tsopano m'gulu la Mu-A. Woyimbayo satchula dzina la mwanayo. Amadikira kuti mayiyo, mwa chimwemwe, alitchule yekha, ndipo akalitchula wakubayo amaligwiritsa ntchito ngati kuti ankalidziŵa kale. Mawu a chibale, monga mayi, achimwene, alamu ndi atsibweni, ali ndi mphamvu yoika womvera pa udindo, pakuti m'bale safunsidwa chiphaso. Apa pakuonekera chilema china cha chionetsero chochokera ku Berlin. Icho chimaganiza kuti amene waloŵa m'chipindamo ndi yemwe ali pa ngozi. Koma pa chitsanzo (4) mwini ndalama ali ku Pinetown, pamene woberedwa ali pa mtunda wa makilomita oposa 2,000. Chionetsero choyenera chiyenera kumupatsa mlendo kanthu kotumiza kumudzi, monga uthenga wa mawu wa mphindi imodzi, umene iye mwini angajambule m'Chicheŵa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Mayi uja adzamvera mawu a mwana wake kuposa chikwangwani cha bungwe lililonse.

Kuchokera pa zitsanzozi ndikuona kuti gome lofunika koposa m'chionetsero cha Chicheŵa silifuna magetsi. Pakhale makadi olembedwa mauthenga, ena oona ena onama, ndipo alendo aŵiriaŵiri azifufuza -ja aliyense n'kufunsana kuti "iti?", "uti?", "tidakambirana liti?". Funso loti "ndalama iti?" ndi lalifupi, koma limagwetsa uthenga (1) wonse. Chikhalidwe chathu chili nazo kale njira zoyesera munthu ndi funso. Mwana aliyense amadziŵa kuti wina akati "Ndagi!" yankho lake ndi "Gize!", ometa amazindikirana ndi mafunso amene osameta sangayankhe, ndipo mlendo pamudzi amafunsidwa mfunda wake ndi kwa amfumu kumene achokera. Akatswiri a makompyuta amagwiritsa ntchito nzeru yomweyi ya funso ndi yankho pozindikira mwini akaunti. Banja likhoza kupangana funso lake, limene transipota weniweni adzakhala atauzidwa yankho lake ku Pinetown katundu asananyamuke. Kungoti funsolo lisakhale la mfunda kapena la dzina la mudzi, popeza zimenezi eni ake adaziyanika kale pa Facebook. Apa chinsinsi cha gulu chija, chimene chidatipinga pomasulira, chasanduka chida.

Buku la Bartholl nalo likhoza kubadwanso mwa njira yathu. Nambala ya malembo anayi ili ndi mitundu 10,000 yokha, kuyambira 0000 mpaka 9999, ndipo yonse ikhoza kukwana pa khoma limodzi. Wokonza chionetsero angozinga ndi inki yofiira zaka zobadwa za anthu amoyo, ndi manambala monga 1234 ndi 0000, kuti mlendo aone yekha kuchepa kwa malo amene wakuba amayambira kufufuza. Pasakhale pempho loti munthu aloze yake; kungoima chete pamaso pa khomalo n'kokwanira.

Kulamula ndi kumvera

Chionetsero chogwira ndi manja chimayankhula m'kanenedwe kolamula: gwira, dina, yang'ana. M'Chingerezi kulamula kulibe msinkhu. M'Chicheŵa womasulira ayenera kusankha pakati pa "dina" ndi "dinani", ndipo makina ouza bambo wa zaka makumi asanu kuti "dina apa" amuyesa mwana. Izi n'zosavuta kukonza ndi mphatikiri waulemu -ni. Chovuta ndi ichi: "Dinani apa" ndi mawu omwewo amene wakuba amalemba pansi pa uthenga wonena kuti mwapata mphotho kapena mwasankhidwa kulandira Mtukula Pakhomo. Chionetsero chimene kwa ola lathunthu chimazoloŵeza mlendo kumvera galasi la makina chikuphunzitsa ndi manja zimene chikuletsa ndi pakamwa. Ndikadakonda kuti pakhale gome limodzi pamene wopambana ndi amene wakana kudina.

Ku London mu 2017 padali ntchito ya Adam Harvey yotchedwa MegaPixels, imene inkajambula nkhope ya mlendo n'kuifanizira ndi zithunzi zimene makampani amaphunzitsira makina ozindikira nkhope. Kwa munthu wa ku London ameneŵa adali maseŵera odabwitsa. Koma Amalaŵi a ku Durban akukumbuka za mu Epulo 2015, pamene alendo adathamangitsidwa ku Isipingo ndi madera ena mpaka boma la Malaŵi lidatumiza mabasi okawatenga, ndiponso za mu Malichi 2019 ku Burnwood. Kwa iwo kamera pakhomo, kapena buku lolembamo dzina ndi nambala ya foni poloŵa, n'zokwanira kuti holo ikhale yopanda munthu.

Pa nkhani yochititsa anthu kutengapo mbali, Malaŵi safunika kukaphunzira ku San Francisco. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College, mmene mudali Chris Kamlongera ndi David Kerr, linkachita maseŵero m'midzi momwe oonerera ankaloŵa m'bwalo n'kusintha mathero a nkhani. Foni ya transipota ija ndi seŵero lokonzeka kale: wina akhale wakuba, wina akhale mayi, ndipo bwalo liziimitsa seŵero pamene mayi watsala pang'ono kutchula dzina la mwana wake. Munthu woseŵera mbali ya mayi akhoza kufotokoza zimene zidamuchitikira iye mwini popanda kunena kuti "ndidapusitsidwa".

Chatsala ndi funso la Chicheŵa chake chiti. Malamulo a kalembedwe amene bungwe la Chichewa Board lidatulutsa mu 1973, ndi ntchito imene Centre for Language Studies yapitiriza kuyambira 1996, kuphatikizapo Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa 2000, zimatipatsa poyambira. Koma woŵerenga wa ku Pinetown kaŵirikaŵiri Chicheŵa ndi chinenero chake chachiŵiri, sukulu adalekera ku pulayimale, ndipo m'kamwa mwake mwaloŵa mawu a Chizulu ndi a Chingerezi cha kuntchito. Akaona "lamya ya m'manja" amayamba wamasulira kuti ndi foni. Google Translate idalandira Chicheŵa mu Disembala 2014, ndipo chiyeso chongothira zikwangwani za The Glass Room m'makinawo n'chachikulu, popeza n'chaulere. Makinawo adzapereka chitetezo, chinsinsi ndi data pamalo onse atatu amene tawakana, ndipo pochoka ku Chingerezi alibe chowauza kuti apa pafunika iyo, apa pafunika ija. Ubwino wa chionetsero chaching'ono chija ndi wakuti ndi mapepala, ndipo pepala limalola kulembedwanso. Zikwangwani zonena za makampani aakulu zikhoza kutsala ziŵiri kapena zitatu, zomasuliridwa mosamala. Zotsalazo zilembedwe mwatsopano kuchokera ku mauthenga enieni amene ali m'mafoni mwa anthu a ku Pinetown, atafufutidwa maina ndi manambala, ndipo woŵerenga woyamba asanazisindikize akhale telala kapena transipota wa komweko, woŵerenga mokweza, wolembayo ali chete n'kumalemba pamene mnzakeyo wadodoma.